Nkhani ya Matenda Ili ndi Mwini Wake

Mawu: Marko 7:31-37 ndi Miyambo 11:13



Pa Marko 7 tikumva za munthu wogontha, wovutika kulankhula, amene anthu anabwera naye kwa Yesu m'dera la Dekapoli. Tikamawerenga nkhaniyi maso athu amathamangira pa chozizwitsa, pamene makutu ake anatseguka ndipo lilime linamasuka. Koma tiyeni tiime kaye pa ndime 33. Ambuye asanamukhudze munthuyo, anayamba amuchotsa pagulu n'kupita naye pambali. Pa Marko 8, ku Betsaida, anagwira dzanja munthu wakhungu n'kutuluka naye kunja kwa mudzi, ndiye n'kumuchiritsa. Kunyumba kwa Yairo anatulutsa onse amene ankalira, anangotsala ndi bambo ndi mayi a mwanayo ndi ophunzira ake atatu. Mphamvu zochiritsira pabwalo, anthu onse akuona, anali nazo, ndipo nthawi zina ankatero. Koma anthu awa anawatengera poduka mphepo, kuti kufooka kwawo kusakhale choonerera cha mudzi.

Ife a Umodzi wa Amayi tili pafupi ndi odwala kuposa gulu lina lililonse mu mpingo. Ndife amene timakazonda. Ndife amene timagona pa simenti m'chipinda cha magadiyani ku Chintheche kapena ku chipatala chachikulu cha Nkhata Bay. Timasambitsa, timachapa nsalu, timaphika phala, timaperekeza mtsikana kusikelo. Pogwira ntchito imeneyi timaona zimene ena saona. Timadziwa mtundu wa botolo la mankhwala limene lili pansi pa mphasa. Timamva zimene adokotala anena pa bedi. Mulungu watipatsa mwayi waukulu wotumikira, koma pamodzi ndi mwayiwo timachoka m'nyumba za anthu titasenza zinsinsi zawo. Funso lathu lero ndi lakuti: katundu ameneyu timakamutula kuti?

Tiyambe ndi zimene achipatala amatsata, pakuti ambiri mwa ife timawadandaula posadziwa chimene chawamanga. Mayi akapita pa chipatala cha Kande kukafunsa kuti, "Mpongozi wanga mwamupeza ndi chiyani?" ndipo namwino n'kuyankha kuti akamufunse mwini wake, si mwano ayi. Namwinoyo akusunga lamulo. Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko lino, a chaka cha 1994, limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga za moyo wake mwachinsinsi. Mabungwe oyang'anira madokotala ndi anamwino, a Medical Council of Malawi ndi a Nurses and Midwives Council of Malawi, angathe kulanga wantchito woulula za wodwala. Lamulo lokhudza HIV ndi Edzi, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu Novembala 2017 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2018, likunena kuti zotsatira za magazi a munthu siziyenera kuululidwa popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula, ndipo woulula mwachisawawa wapalamula mlandu. Mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza zimene maofesi ndi makampani amalemba ndi kusunga zokhudza anthu, limene bungwe la MACRA linapatsidwa kuti liziyang'anira. M'lamuloli za thanzi la munthu zili m'gulu la zinthu zofunika kuzisamala koposa. Mutu wa zonsezi ndi umodzi. Amene ayenera kudziwa za matenda a munthu ndi mwini wakeyo, ndi amene akumupatsa chithandizo, ndi amene iyeyo wasankha kuwauza.

Malamulowa sanangogwa kuchokera kumwamba. Alipo anthu amene anavulala kuti ife tidziwe kulemera kwake. M'chaka cha 2009, apolisi ku Mwanza anagwira amayi ena amene ankawaganizira kuti ndi oyendayenda. Anapita nawo ku chipatala cha boma, kumene anawayeza magazi popanda kuwapempha, ndipo zotsatira zake zinawerengedwa m'khoti, pagulu. Ena mwa iwo anamvera pomwepo, pamaso pa anthu, kuti ali ndi kachilombo. Amayi 11 analimba mtima n'kukadandaula ku Khoti Lalikulu ku Blantyre, ndipo mu Meyi 2015 woweruza, mayi Dorothy Kamanga, anagamula kuti zimene zinachitikazo zinaphwanya ufulu wawo wachinsinsi ndi ulemu wawo monga anthu. Mwina wina anena mumtima kuti, "Komatu amenewo anali amayi a m'mabala." Khoti silinayang'ane zimenezo. Ngati khoti la dziko linaona kuti ulemu wa munthu suchoka chifukwa cha mbiri yake, nanga ife amene timati munthu aliyense analengedwa m'chifanizo cha Mulungu?

Tsono namwino ali ndi lumbiro, ali ndi bungwe lomuyang'anira, ndipo angathe kutaya ntchito. Ife tilibe setifiketi yoti wina atilande. Koma nkhani zambiri za matenda zimene zimayenda m'midzi yathu sizitulukira pa khomo la chipatala. Zimatulukira pa mjigo, kuchigayo, poviika chinangwa, pa thandala loyanikira usipa, ndipo, tinene mosabisa, zimatulukiranso m'tchalitchi.

Taganizani za nthawi ya mapembedzero pa msonkhano wa amayi. Mmodzi aimirira ndi nkhope yachisoni, nati, "Amayi anzanga, tiwakumbukire m'mapemphero mayi akuti. Ndinakawaona dzulo. Anthu inu, atha. Akuti anawayamba mankhwala aja, ndipo bambo akunyumba sakudziwa." Onse aweramitsa mitu, pemphero lichitika, Amen. Pofika madzulo nkhani yafika kale kumsika wa pamsewu, ndipo mawa lake bambo aja aimvera kudooko kwa asodzi anzawo. Mayi woimirira uja sananame. Mwinanso mtima wake unali wachifundo ndithu. Koma wachita zomwe zija zinachitika m'khoti la ku Mwanza, kungoti iye wazichita atavala yunifolomu ya Umodzi wa Amayi. Miseche yovala chovala cha pemphero ndi yovuta kuigwira, chifukwa palibe amene angayerekeze kuuza mnzake kuti asiye kupempherera wodwala.

Kodi Mulungu amafuna timuuze dzina la matenda kuti amve? Iye amene anaumba munthuyo m'mimba mwa mayi ake, sadziwa zimene zalembedwa m'buku lake la kuchipatala? Pemphero la odwala pa Misa limangotchula mayina, ndipo nthawi zina ngakhale dzina silitchulidwa, koma palibe amene amati pempherolo ndi loperewera. Zimene timawonjezera pamwamba pa dzina sizipita kwa Mulungu, zimapita kwa amene akhala pa benchi.

Pa Genesis 9 pali nkhani imene imatiphunzitsa za ichi. Nowa analedzera n'kugona wosavala m'hema mwake. Hamu anaona, natuluka kukauza abale ake panja. Zimene ananenazo zinali zoona, sanawonjezere kanthu. Semu ndi Yafeti anatenga chofunda, anayenda chafutambuyo kuti asaone, n'kuwafunditsa bambo awo. Onse atatu anadziwa chimodzimodzi. Kusiyana kwawo kunali pa chimene anachita ndi chimene anadziwacho. Choncho mawu akuti "inetu sindinaname" satipulumutsa. Miyambo 11:13 siikamba za wabodza. Ikusiyanitsa munthu woyenda ndi nkhani za eni ndi munthu wokhulupirika amene amadziwa kuzisunga. Matenda amamuvula munthu. Amene anali wolemekezeka pamudzi amafika poti wina amunyamule kupita kuchimbudzi. Amene watilola kulowa m'chipinda chake pa nthawi yotere watikhulupirira kwambiri, ndipo sanatiitane kuti tikhale mtolankhani wake.

Ndipo zotsatira zake si manyazi okha. Kuyambira 2004 mankhwala a ARV amaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma. Mu 2011 dziko lathu linakhala loyamba kukhazikitsa ndondomeko yakuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo, ndipo mayiko ena anatengera kwa ife. Mankhwala alipo, pafupi. Komabe tonse tikudziwa anthu amene amadutsa chipatala cha kwawo n'kulipira galimoto kupita ku Chintheche, ku Nkhata Bay ngakhale ku Mzuzu, kuti asakumane ndi wowadziwa pa mzere. Mwezi umene usipa wavuta ndipo ndalama yoyendera yasowa, munthuyo salandira mankhwala. Akadumphitsa, kachilombo kamachulukanso m'thupi, ndipo mankhwala angathe kusiya kugwira ntchito. Mayi woyembekezera amene akuopa pakamwa pa anzake amachedwa kuyamba sikelo, ndipo amene amalipira ndi khanda limene likanabadwa lopanda kachilombo. Yakobo pa chaputala 3 anayerekeza lilime ndi kamoto kakang'ono kamene kamatentha nkhalango yonse. Kuno kwathu motowo timauona pa mpando wopanda munthu pa tsiku lolandira mankhwala.

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya HIV yokha. Pali mayi amene wapita padera kachitatu ndipo achibale a mwamuna ayamba kale kunong'ona. Pali amene akutaya mkodzo chichokereni kobereka, amene anasiya kubwera kutchalitchi poopa fungo. Pali banja limene likufuna mwana, ndipo chipatala chapeza kuti vuto lili kwa bambo. Pali khansa ya khomo la chiberekero, khunyu, matenda a maganizo, chifuwa chachikulu. Aliyense wa anthu amenewa ali ndi chifukwa chake chosankhira woti amuuze, ndipo chifukwacho ife sitingachidziwe chonse.

Buku la kuchipatala nalo tilisamale. Kwathu kuno wodwala amasunga yekha buku lake, ndipo gadiyani ndiye amaliyendetsa kuchoka kwa adokotala kupita kolandirira mankhwala. Kulinyamula si chilolezo choliwerenga, ndipo kuliwerenga kuti tithandize wodwala kumwa mankhwala pa nthawi yake si chilolezo cholionetsa kwa obwera kudzazonda. Masiku ano kwabweranso foni. Wina ajambula wodwala ali pa bedi, ataonda, ali ndi diripi, n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la parishi kuti anthu asonkhe thandizo. Wina ajambula tsamba la buku lija n'kutumiza kwa mlongo wake ku Johannesburg kuti atumize ndalama. Cholinga n'chabwino, koma chithunzi chikachoka m'manja mwathu sitingachiitanenso. Miseche ya pa mjigo inkathera pa malire a mudzi. Iyi ikafika Lilongwe dzuwa lisanalowe, ndipo idzakhalapobe wodwalayo atachira n'kumafuna ntchito kapena banja.

Apa tikudziwa kuti amayi ena achikulire akufuna kutifunsa funso, ndipo ndi funso labwino. Ati: "Kodi si kubisa kumene kunatimaliza? M'zaka za m'ma 1990 tinaika ana athu m'manda tikunena kuti ndi malungo, ndi kulodzedwa, ndi tsempho. Mpingo womwewu unatiphunzitsa kuti tileke kukhala chete. Lero mukuti titsekenso pakamwa?" Ayi, amayi. Kukhala chete pa za matenda ndi kusunga chinsinsi cha wodwala ndi zinthu ziwiri zosiyana. Za HIV, za khansa, za kulera, tizikambe momasuka pa misonkhano yathu, tiitane anamwino adzatiphunzitse, tilimbikitsane kukayezetsa. Chimene sitiyenera kuchita ndi kumata dzina la munthu pa matendawo iye asanalole. M'chaka cha 1992 wansembe wa mpingo wathu wa Anglican ku Uganda, Canon Gideon Byamugisha, anaima poyera n'kunena kuti ali ndi kachilombo ka HIV, woyamba mwa atsogoleri a zipembedzo mu Africa kuchita zimenezo. Umboni wake unamasula anthu ambiri. Unali ndi mphamvu chifukwa unatuluka m'kamwa mwake, pa nthawi imene iye anasankha. Akanaululidwa ndi mkhristu wina pa guwa, bwenzi ili nkhani ina. Ngakhale mayi uja wa pa Marko 5, amene anataya magazi zaka 12, Yesu anafunsa amene anamukhudza n'kudikira. Mayiyo anabwera yekha n'kufotokoza yekha. Makolo athu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ntchito yathu ndi kupanga mpingo kukhala malo amene munthu angatsekule chitsekocho popanda mantha. Kuchithyola ndife sitinatumidwe.

Zilipo nthawi zimene kunena kumafunika, ndipo tisazibise. Pamene Yesu anachiritsa wakhate pa Marko 1, anamuletsa kulengeza kwa anthu koma anamutuma kwa wansembe, amene pa lamulo la nthawi imeneyo ndiye anali woyenera kuona ndi kutsimikiza. Panali woyenera kudziwa, ndipo sanali mudzi wonse. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu la Nkhata Bay linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Pa matenda otere, munthu akayamba kutsekula m'mimba kwambiri, kuthamangira kuchipatala ndi kudziwitsa alangizi a zaumoyo ndiko chikondi, chifukwa madzi amene akumwa banja limenelo akumwanso ena. Mwana akagwiriridwa, kapena munthu akanena kuti akufuna kudzipha, kusunga chinsinsi n'kumusiya m'moto; nkhaniyo ipite kuchipatala ndi kupolisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Koma ngakhale pamenepo, timauza amene angathandize, ndipo timanena zokhazo zimene zikufunika kuti athandize.

Chovuta kwambiri ndi ichi. Mayi watiuza kuti ali ndi kachilombo ndipo mwamuna wake sakudziwa, kapena tadziwa za bambo amene akubisira mkazi wake, yemwe ndi mnzathu wa m'gulu lomwe lino. Mtima umatentha. Timafuna kupita usiku womwewo. Amayi, apa m'pofunika kudekha. Lamulo la 2018 lija linapereka njira kwa wachipatala, osati kwa woyandikana naye nyumba: ayambe wamupatsa uphungu wodwalayo kuti aulule yekha, ndipo pokhapokha zitakanika, pamene mnzakeyo ali pa chiopsezo, ndi pamene angapitirire. Njirayi inaikidwa chifukwa kuulula kosakonzekera kwathamangitsa amayi ambiri pabanja, ena atamenyedwa. Chimene ife tingachite ndi kubwerera kwa mwini nkhaniyo, kachiwiri ndi kachitatu, kumuuza mosapsatira kuti mnzakeyo ali ndi moyo umodzi wokha, ndi kudzipereka kuwaperekeza onse awiri kukayezetsa limodzi kuti aphungu awathandize. Ngati akukanabe, tikauze namwino amene akumuthandiza, osati apongozi, osati ankhoswe asanapemphedwe. Si njira yofulumira, ndipo imasowetsa tulo. Koma ndi njira imene siwononga munthu mmodzi pofuna kupulumutsa wina.

Za atsikana athu tinenepo pang'ono. Malamulo amalola mwana wa zaka 13 kukayezetsa magazi payekha. Amayi ambiri zimenezi zimatipweteka, chifukwa timafuna kuti mwana adzere kwa ife. Koma mtsikana amasankha womuuza poyang'ana mmene munthuyo amakambira za ena. Ngati pa nkhomaliro amamva mayi ake akusanthula matenda a mudzi wonse, adzapita ndi vuto lake kwa mnzake wa kusukulu. Ana amene anabadwa ndi kachilombo, amene ena tikuwalera ife agogo, nawonso ali ndi ufulu womwewu. Si bwino kuti mwana amve za thupi lake kwa anzake pa bwalo la mpira chifukwa agogo anauza alendo iye ali panja.

Tsono pokazonda tichite chiyani? Tisanatuluke m'nyumba, tifunse. "Amayi, kodi tikawauze anzathu kuti mukudwala? Tikatchule dzina lanu popemphera? Tikanene kuti chiyani?" Ena adzati, "Kanenani zonse, ndatopa kubisa." Ena adzati, "Mungonena kuti sindili bwino." Ena adzati, "Musanene kanthu," ndipo pamenepo tipemphere pa tokha. Amene walola kuti abambo wansembe adziwe sanalole kuti gulu lonse lidziwe, ndipo amene walola lero angathe kusintha maganizo mawa. Mlembi polemba za msonkhano alembe kuti tinazonda odwala angati ndipo tinapereka chiyani. Matenda asalowe m'kaundula, pakuti kaundula amasintha manja chaka cha masankho. Atsogoleri a magulu, wina akayamba kufotokoza zambiri pa mapembedzero, musaope kumudula mwaulemu n'kunena kuti, "Zikomo amayi, dzina lakwana, tiyeni tipemphere." Ndipo wina akatikoka pambali kuti timuuze zimene tinaona, tingathe kuyankha kuti, "Akudwala ndithu, kawaoneni, akondwa." Wofunadi kuthandiza adzapita ndi nkhuni kapena ufa wa kondowole. Wofuna nkhani yekha adzabwerera pomwepo.

Ngati amene waulula ndi wantchito wa chipatala, wodwala ali ndi kokadandaula: kwa mkulu wa chipatalacho, ku komiti ya chipatala imene muli anthu a m'mudzi, kapena kwa wolandira madandaulo a odwala pa chipatala cha boma. Ambiri saziwa njira zimenezi, ena amaopa kuti sadzawalandiranso bwino. Kumuperekeza munthu wotere ndi utumiki ngati kumuperekeza kukalandira mankhwala.

Chinsinsi sichithera pa imfa. Pa maliro ndife amene timasambitsa thupi la mayi mnzathu, ndife amene timakhala m'nyumba ya siwa usiku wonse, ndipo m'menemo ndi mmene funso lija limayenda chonong'ona: "Kodi kwenikweni chinali chiyani?" Malemuyo sangadziyankhire, koma wasiya mwamuna kapena mkazi, wasiya ana amene mawa adzapita kusukulu ndi dzina limene tawapatsa usiku umenewo. Ngati banja lasankha kutchula matendawo pa mwambo wa maliro kuti ena aphunzirepo, tiwagwire dzanja, achita chinthu cholimba mtima. Ngati lasankha kungonena kuti anadwala nthawi yaitali, amene tinaona zambiri posambitsa tisiye pomwepo, tipitirize nyimbo.